Mizu Yokhota Kumbali Yanga

"Achimwene, mukundibera madzi."

Ndinawauza pamaso, ali chikhalire m'mphepete mwa ngalande, kapu ya tiyi ili m'manja. Achimwene Shehata sanatembenuke n'komwe.

"Madzi ake ati, iwe Ragab? Chipata cha ngalande timatsegula limodzi. Kapena ku Libya anakuphunzitsa kuwerenga madontho?"

Munda wa malemu bambo athu kuno ku Fayoum achimwene anaugawa okha, ine ndili ku Libya kusenza simenti. Mbeu ya tirigu tinagawana ya thumba limodzi, feteleza chimodzimodzi. Koma tirigu wawo wafika m'chiuno, wobiriwira bwino, pamene wanga wathera m'mawondo, wachikasu. Akafa ameneyu, mkazi wanga ndi mwana adya buledi wopempha chaka chonse.

"Mwina manja ako ndi a simenti, si a khasu," anatero akuseka.

Ndinatola khasu lomwelo n'kuyamba kukumba kumbali yawo, iwo akukalipa kuti ndikuwononga mbeu. Chibuma chinasweka chokha m'manja mwanga. M'kati munali timabowo ta nyongolotsi, ndi tinjira tosiyidwa ndi mizu yakale ya msipu umene bambo ankalimira njati zathu zoweta. Mizu ya tirigu inali italowa m'timabowomo mothithikana, yoyera, n'kutsika mpaka kupitirira pachigongono.

Kenako ndinakumba kwanga. Dothi linali lonyowa kuposa lawo, moti nkhani ya madzi inathera pomwepo. Manyazi anandigwira, koma sanakhalitse, chifukwa khasu linagunda polimba n'kubwerera. Mizu yanga inangotsika kutalika kwa chala, n'kukhota, n'kuyala cham'mbali ngati mkeka. Panalibe bowo ngakhale limodzi. Nyongolotsi osaoneka.

"Waona? Madzi alipo. Tapepesa, timwe tiyi."

"Bambo ankadzala msipu munda wonse, kuyambira kungalande mpaka kumitengo ya kanjedza. Womweta ndinali ine. Timabowo timeneti tinayenera kupezeka konsekonse."

"Nthaka imasintha, mwana iwe."

"Imasinthira pamalire penipeni?"

Anayang'ana m'kapu. Apo m'pamene ndinaona chimene ndakhala ndikupondapo osachiona. Munthu ukamachoka kumbali yawo kupita kwanga umachita kutsika, pang'ono ndithu, koma umatsika. Dothi la pamwamba silichoka lokha. Kumudzi kuno tonse timawadziwa anthu a mauvuni a njerwa, amene amabwera ndi malole kudzagula dothi la m'minda n'kusiya la pansi litapondedwa ndi matayala.

"Achimwene, ndili ku Libya, muno munalowa malole?"

"Ukuyankhula ndi mkulu wako, ukudziwa?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndayamba ndafunsa inu ndisanapite kwa amayi."

"Amayi ali ndi BP. Usawalowetse m'zopusa zako."

"Ndiye kuti zilipo zoti angamve?"

Anathira tiyi wotsala pansi, n'kuyamba kufunafuna nkhwaira zawo ndi phazi. Ndinawaimira kutsogolo, chibuma cha kumbali yanga chili m'manja.

"Dothi la bambo munaligulitsa musanagawe munda, kapena mutadziwa kale kuti mbali iyi ndi yanga? Tandiyang'anani kuno, achimwene, mundiyankhe."