Duwa la Achimwene

Bizwick anafera kutali, m'mapiri a m'chipululu ku Nevada, akutola maluwa a kafukufuku wake. Thupi linabwera, nkuikidwa m'manda ku Indianapolis. Koma mayi ake, omwe ankakhala ku Lawrence, pafupi ndi mandawo, tulo analibe. Ankati mwana wawo akadali kuphiriko chifukwa palibe anakamutenga.

Mlongo wake Chawezi ankagwira ntchito ku South Bend, m'chipinda chapansi cha yunivesite momwe amasungiramo zomera zouma zomatidwa pamapepala. Kumeneko nkomwe kunafikira mtolo womaliza wa Bizwick. Munali kaduwa kofiirira, kamasamba aubweya, kamene kamangomera m'miyala ya mapiri ouma amenewo basi. Chawezi anawauza mayi ake za kaduwako pafoni.

"Ndi chomaliza chimene anagwira," anatero mayiwo. "Ubwere nacho. Umuuze kuti tiyeni kwathu. Panjira usalankhule ndi munthu, ndipo usacheuke, angatsalire pomwepo."

"Amayi, ndidraiva bwanji osachekinga kumbuyo?"

"Kwathu ku Mzimba timatero."

Chawezi anali mtsikana wa sukulu zake, wopemphera, ndipo zoterezi ankaziseka. Komatu sukulu siichotsa chisoni, ndipo mayi ake anali atatha ngati nsalu yakale. Anatenga kaduwa kamodzi kamene kanathothoka papepala, nakaika m'envelopu pampando wakumbuyo. Manyazi anamugwira, komabe ananena: "Achimwene, tiyeni kwathu."

Kunali chisanu, mseu uli mbuu. Anatembenuza galasi loonera kumbuyo kuti liyang'ane kudenga. Foni inalira, sanayankhe. Atadutsa Kokomo, m'galimoto munayamba kutentha, chonsecho hita anali atazimitsa. Kunamveka fungo la fumbi ndi miyala yowambidwa ndi dzuwa. Kenako mpando wakumbuyo unalira ngati pakhala munthu amene akukonza miyendo.

Mantha anali nawo, inde, koma chimene chinamugonjetsa ndi kumusowa mchimwene wakeyo. Anangofuna kumuona kamodzi kokha. Anacheuka. Pampando panali envelopu yokha, ndipo kuzizira kunabwerera nthawi yomweyo.

Ku Lawrence mayi ake anamulandira pakhomo. "Sunacheuke?"

"Ayi, amayi."

Anakwirira kaduwako pamanda. Kuyambira tsiku limenelo mayiwo ankagona mpaka dzuwa kuwatulukira, ananenepa, nkubwereranso kukwaya. Chawezi anadziuza kuti bodza lotere ngakhale Mulungu amalimvetsa.

Chisanu chitatha, mnzake wa kuntchito, Kenan, analowa m'chipinda chapansi chija akuthamanga ndi chomera chachiwisi m'pulasitiki. Masamba aubweya, duwa lofiirira.

"Sungabilive," anatero. "Chamera m'mbali mwa mseu, kungodutsa Kokomo. Chokhachokha, m'matope. Chafika bwanji kuno?"

Anayala mapu oonetsa kumene duwalo limapezeka. Madontho onse anali ataunjikana kumadzulo. Kenan anamupatsa cholembera kuti aike latsopano, ndipo Chawezi sanafunse n'komwe kuti pati. Malowo ankawadziwa. Nthawi yonse ya chisanu ija, iwo akugona m'nyumba zofunda, Bizwick anali ataima yekha m'mbali mwa mseu wachilendo, akudikira galimoto imene inamusiya.

"Unachizula?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi mizu yomwe," anatero Kenan monyadira. "Ndikukachiwumitsa pompano."