Pepala Lati Ndinasowa

Ndinali kuthothola nsawa pabwalo pamene a Howard anatsika panjinga, atavala kajekete kachikasu kakukiliniki kaja kamene mudzi wonse umadziwa tanthauzo lake. Apongozi anga anasiya kupeta n'kuyamba kuyang'ana. Ndinawatengera a Howard kuseri kwa nkhokwe.

Anandinong'oneza kuti dzina langa lili pamndandanda wa anthu osowa. Akuti kwabwera malangizo atsopano: aliyense wopitiriza milungu inayi osakatenga ma ARV azilondoledwa kunyumba.

"Ndasowa ine? Nanga mukulankhula ndi ndani?"

Anangokanda m'mutu, nati iwo angotumidwa.

Kuno ku Chipangali tilipo azimayi asanu ndi mmodzi amene timatengerana mankhwala. Kukiliniki ndi maola awiri wapansi, ndiye amapita mmodzi kukatenga a tonse, a miyezi itatu. Mu Malichi anapita Ketilina. Anabwera nawo mabotolo, tinagawana kuseri kwa tchalitchi. Ine zaka zisanu ndi zinayi sindinadumphepo tsiku, ngakhale pamaliro a bambo a ana angawa.

M'mawa mwake ndinamanga mabotolo m'chitenje, ulendo wa kukiliniki. Sisita Millicent anawerenga mapiritsi pathebulo, anapezeka ali ndendende. Anatsegula kope lakale la gulu lathu, maina onse alimo, ndi chala cha Ketilina chodinda pansi. Kenako anandionetsa pepala latsopanolo. Pali kabokosi ka wobwera, pali kabokosi ka wosabwera, basi. Kalaliki anachonga Ketilina yekha poti ndiye anamuona ndi maso. Enafe asanu tinapita kuboma ngati othawa mankhwala.

Ndinati fufutanitu. Anati mapepala anatumizidwa kale, ndipo wolembedwa kuti anasowa, akabwerera amayambiranso kutenga mwezi ndi mwezi, yekha, mpaka magazi ake ayezedwe. Zotsatira zake mwina miyezi iwiri, zikafulumira. Anati iwonso anakadandaula pamsonkhano ku Chipata, n'kuuzidwa kuti pepalalo lidzaunikidwanso chaka chamawa.

"Amake Nomsa, ine ndikudziwa kuti simunaleke. Koma ndikalemba zina, mlandu ugwera ine."

"Amene anajambula timabokosi timeneti anayendapo msewu wathu nthawi yokolola?"

Sisita anatenga pensulo n'kulemba m'mphepete mwa pepala, timalemba ting'onoting'ono, kuti anatengeredwa ndi gulu. Ndinafunsa ngati kubomako amawerenga za m'mphepete. Anati pindani dzanja la malaya ndikutengeni magazi.

Ndinatuluka ndi thonje pamkono ndi tsiku latsopano pakhadi: pa 9 mwezi wamawa, ine mwini. Sabata yomweyo ndiyo timatuta chimanga, ndipo Nomsa akhala akulemba mayeso. Pakhomo la kiliniki ndinakumana ndi a Howard akupopa tayala, pepala m'thumba, mayina anayi otsala. Ndinawauza kuti kajeketeko akavule asanafike kwa Elizabeth wa m'gulu lathu, amuna ake sadziwa kanthu.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mapazi otupa. Apongozi anafunsa kuti kuchipatala kwatani. Ndinati kulibe chimene chatani, angofuna kuona ngati ndilipo.

Mulu wa nsawa unali momwe ndinausiyira, kupatula mbali imene nkhuku zinafukula. Ndinakokera mpando, ndinayala thumba pamiyendo, n'kutola phata loyamba.