Kagalimoto ka Zitseko Ziwiri

Ku Mua galimoto sikhala ya munthu mmodzi. Wogula amangolembetsa dzina pamapepala, koma eni ake enieni ndi achibale, a mumphakati, akwaya, ndi aliyense amene ali ndi thumba lolemera pamutu. N'chifukwa chake zitamveka kuti Gertrude, mzamba uja anapuma ntchito kuchipatala cha pamishoni, amene anthu amangomutcha Anesi chifukwa cha ntchito yake, waitanitsa galimoto ku Japan ndi penshoni yake, mbumba yonse inayamba kukonza maulendo iye mwini asanakonze ngakhale umodzi.

Mchimwene wake wamkulu, a Isaac, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo anali atagawa kale ntchito za galimotoyo isanakwere n'komwe sitima. Mpunga wa ku Bwanje uzibwera pabuti. Kumaliro a ku Mtakataka anthu asamapitenso pa kabaza. Lamlungu izinyamula okalamba a m'banja.

Tsiku lofika, anthu anadzaza pakhonde la Gertrude ngati pali chinkhoswe. Anamva kaye phokoso, lakuya bwino, ngati la chilombo chachikulu. Kenaka pakona panatulukira kanthu koyera, kafupi, kotsika pansi, kokhala ndi chiboo pa boneti ngati mphuno. Kanaima pansi pa mtengo wa mango, n'kupumira kuti tsii.

A Isaac anasuzumira kumsewu. "Nanga galimotoyo ikubwera m'mbuyo?"

"Ndi yomweyi, bambo," anatero dalaivala akutuluka. Anali Abdul, bambo wa ndevu za imvi wa ku Mtakataka, amene anasiya ukonde wa bambo ake kalekale n'kuyamba ntchito yokatenga magalimoto kudoko la Dar es Salaam.

A Isaac anakazungulira kamodzi. Anakazunguliranso, akugwiragwira m'mbali ngati akufufuza pobisika. Zitseko zinali ziwiri basi. Wofuna kukhala kumbuyo anayenera kupinda mpando wakutsogolo n'kulowa chokwawa. Anatsekula buti, n'kuona kuti thumba limodzi la mpunga likalowa, lachiwiri lidikire ulendo wina.

"Akubera, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Zogula pafoni ndi zimenezi. Chithunzi chimanamiza."

Gertrude anangoyang'ana pansi. Anthu anati ndi manyazi, ndipo anamumvera chisoni.

Amene sanamve chisoni ndi Abdul yekha. Iye anali akusisita denga la kagalimotoko ngati munthu wosiyana ndi mnzake wapaulendo.

"Wallahi, Anesi, ndayendetsa zambiri, koma aka kandikometsera msewu. Iyi ndi Starlet, mtundu wake Glanza. Musaione kuchepa."

Ndipo anafotokoza, poti Abdul akayamba za magalimoto ngakhale mvula siimuletsa. Ma Starlet anayamba kupangidwa iye ali mwana, timagalimoto ta anthu wamba topitira kuntchito ndi kumsika. Patapita zaka, akatswiri ena kumeneko, anthu osakhazikika mtima, anaganiza zoika tabo mu injini yaing'onoyo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri kuti moto ukule. Thupi analisiya lopepuka, miyendo anailimbitsa, ndipo chiboo cha pa boneticho n'chopumira injini ikatentha. Glanza ndiyo inali yomaliza pa mtunduwo. Chaka cha 1999 anasiya kupanga, m'malo mwake munabwera Vitz, imene yadzaza m'misewu yathu lero.

"Vitz ndi mwana wabwino, womvera," anatero Abdul. "Koma uyu ndi malume ake aja ovina pa ukwati mpaka nsapato kuthothoka."

A Isaac sanaseke. Anthu anabalalika mmodzimmodzi.

Tinene za Gertrude pang'ono, kuti timvetse. Mayi ameneyu mawu oti ayi sankawadziwa. Theka la anthu a pakati pa Mua ndi Golomoti anabadwira m'manja mwake, ndipo aliyense ankaona ngati zimenezo zimupatsa ufulu wogogoda pakhomo pake. Analera ana a mng'ono wake, malemu Alice. Anadwazika mwamuna wake Ernest mpaka kumuika m'manda. M'mawa uliwonse pakhonde pake pamakhala munthu wodikira: uyu akufuna mankhwala, uyu fizi, uyu akufuna amuperekeze kwa adokotala. Sankanyinyirika. Koma ali mtsikana, masisitere anamuphunzitsa kuyendetsa pikapu yopitira kusikelo za kumidzi, ndipo m'moyo wake wonse, nthawi yomwe ankamva kuti thupi lake ndi lake inali yomwe wagwira chiwongolero.

Mawa lake la tsiku lofikalo, Gertrude analowa m'kagalimotoko yekha. Mpando unamukumbatira m'chiuno ngati unasokedwa pomuyeza. Atatembenuza kiyi, kamawu ka mkazi kanalankhula Chijapanizi, ndipo Gertrude, poti ndi munthu waulemu, anayankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu." Wailesi inkangogwira siteshoni imodzi. Giya inali yamanja, yaifupi, yolowa kuti kwe popanda kukakamiza.

Fumbi la pamishoni analidutsa mwaulemu. Atafika pa tala, analoza ku Golomoti n'kuponda pang'ono. Poyamba kanayenda ngati galimoto ina iliyonse. Kenaka muvi woonetsa liwiro utakwera, kanaimba kamluzu kapansipansi, ndipo china chake chinamukankha Gertrude pamsana. Milambe ya m'mbali mwa msewu inayamba kuthawira kumbuyo. Anamva munthu akuseka mokweza m'galimotomo, n'kuzindikira kuti ndi iye mwini. Kuseka kotero anali atakuiwala.

Kuyambira pamenepo anthu anazolowera kuona kanthu koyera kakudutsa ndi mayi wa duku la Chikatolika mkati. Anyamata a minibasi pa Golomoti ankaimba mluzu kakamadutsa, ena n'kumafuula kuti, "Ipatseni moto, Anesi!" Gertrude sankathamanga mopusa ayi. Munthu amene anasoka mabala a ngozi zaka zonsezo amadziwa chimene phula limachita ndi khungu. Pamsika ankayenda ngati wanyamula mazira, mbuzi ankazipatsa ulemu wake. Koma msewu ukayera, ankakalola kuti kapume.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lamlungu lina itatha Misa, a Isaac anaitanitsa mbumba, ndipo anayankhula bwino, poti sanali munthu woipa.

"Achemwali, palibe akukudzudzulani. Kulakwitsa n'kwa aliyense. Koma kumbukirani maliro a Alice, mmene tinavutikira kusaka galimoto, okalamba n'kutsala pakhomo osakaika mwana wawo. Tinati Mulungu akadzatipatsa yathu, zimenezi zidzatha. Ndiye ndapeza munthu ku Dedza, dzina lake Chipiliro, wogulitsa magalimoto. Akuti timagalimoto totere tikusowa, anyamata a m'tauni akutifuna. Ali ndi Sienta ya mipando isanu ndi iwiri, ndipo wavomera kusinthana mutu ndi mutu."

Anthu anaomba m'manja. Wina anayamba kale kufunsa ngati Sientayo ingakwane akwaya a mawu oyamba. Onse anatembenukira kwa Gertrude, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu omwe panazolowera.

"Chabwino, achimwene."

Analowa m'nyumba mtima ukumuwawa kwambiri, ndipo anadzichitira manyazi kuti mayi wamkulu ngati iye angalirire chitsulo.

Ananyamuka Lachitatu m'mawa, a Isaac atakhala pambali, jekete yawo ya ku Misa ili pamwendo. Pa Golomoti anakhotera kudzanja lamanja, kuloza kumapiri. Amene anayendapo pa Khwekhwelere akudziwa kuti msewu umenewo unapangidwa ndi munthu wodana ndi mzere wowongoka. Umakwera chopindikapindika, kona pamwamba pa kona, mbali iyi thanthwe, mbali inayo phompho. Malole amalira pamenepo, minibasi zimawira madzi. Gertrude anali asanakwerepo ndi kagalimoto kake. Anati mumtima, poti ndi ulendo womaliza, kaone kokha chimene kanabadwira.

Pakona yoyamba anatsitsa giya, n'kukhota. Kanamvera ngati kamva maganizo ake asanapotoze dzanja. Sikanapendeke, sikanadandaule, matayala anagwira tala ngati nalimata pakhoma. Potuluka pakona anaponda, kamluzu kaja kanaimba, ndipo chitunda chinangokhala ngati palibe. Kona yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu anaiona ikubwera n'kuimwetulira. Mapazi ndi manja zinkagwira ntchito zokha, kilachi, giya, moto, ngati masiku aja a pikapu, koma tsopano popanda bokosi la katemera kumbuyo, popanda wina womudikira kutsogolo. Kutentha kwa kuchigwa kunatsalira pansi, mphepo yozizira inalowa pawindo. Pagalasi ankaona minda ya mpunga ikuchepa mpaka kukhala ngati timipango tobiriwira toyanikidwa.

A Isaac anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri. "Achemwali, sitikuthamangira wodwala!"

"Sindinapyole malire, achimwene. Onani muviwo."

Anayang'ana. Zinali zoona, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri. Koma atadutsa lole yomwe inali kubuula pachitunda, Gertrude anawaona ndi kona ya diso akutembenuka kuiyang'ana, ndipo anamva akuti pansipansi, "Koma kanthu aka!"

Anamupeza Chipiliro pamalo ake, kuseri kwa sitolo za pa boma. Sienta inali yotsukidwa kale, yotuwa, yaitali, zitseko zake zotsetsereka zili yasa. Inali galimoto yabwino ndithu, yooneka kuti siingakane munthu. Koma Chipiliro sanayang'ane n'komwe alendo ake. Anagwada pambali pa Glanza, anasuzumira pansi, anatsekula boneti, n'kugwira pakamwa.

"Mayi, injini yake sinagwidwepo! Anyamata amaziononga izi posinthasintha zinthu. Yotere sindinaionepo." Anatambasula dzanja. "Kiyi, mayi, ndiimveko kulira."

Gertrude anayang'ana dzanjalo. Kiyi inali m'chikhatho chake, yofunda.

"Mpatseni, achemwali," anatero a Isaac. "Tikonze cholakwikacho, tizipita kusanade."

"Palibe chinalakwika, achimwene."

"Mwati bwanji?"

"Zithunzi zinalipo zambiri pafoni paja. Kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Ndinaziona zonse. Zitseko ndinaziona kuti ndi ziwiri. Ma Sienta analiponso, tsamba lonse. Ndinasankha aka."

Chipiliro anabweza dzanja lake mwakachetechete n'kupita kukapukuta galasi la Sienta lomwe linali loyera kale.

"Ndiye kuti munachitira dala," anatero a Isaac. Mawu awo sanali aukali, anali a munthu wolasidwa. "Munatiwerenga ife abale anu, n'kugula galimoto yoti tisakwanemo."

"Wodwala ndidzamutenga, usana kaya mvula, mpando uwu ulipo. Inunso mukafuna kupita kulikonse, ndidzakuperekezani. Koma ndanyamula anthu moyo wanga wonse, achimwene. Ndatopa. Aka kokha ndikufuna kakhale kanga."

"Nanga anthu kunyumba ndikawauze chiyani?"

Gertrude anafumbata kiyi ija. Anaopa ngati mwana, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Mukawauze kuti Gertrude wakana."

A Isaac anavala jekete yawo pang'onopang'ono, anamanga mabatani onse, n'kupepesa kwa Chipiliro chifukwa chomutayitsa nthawi. Gertrude anawatsekulira chitseko. Iwo anachiyang'ana, n'kunena kuti akwera minibasi, asamudetsere galimoto yake. Anawatsatira pang'onopang'ono mpaka pa depoti akuwachonderera pawindo, koma sanacheuke.

Anatsika Khwekhwelere yekha, misozi ikutsika nayo. Kagalimoto sikanadziwe kanthu za mbumba. Kanangokhota makona ake mokoma ngati m'mawa muja, ndipo chomwe chinamupweteka Gertrude n'chakuti ngakhale akulira, manja ake ankakondwa.

Nkhani inafika ku Mua tsiku lomwelo. M'mawa mwake Gertrude anadzuka monga mwa masiku onse, anamanga chitenje, n'kutsekula chitseko kuti aone amene wabwera ndi vuto lanji. Pakhonde panalibe munthu. Anayang'ana kunjira, nakonso kunali zii. Ana a malemu Alice anadutsa chapatali ndi ndowa zawo, anapereka moni wa pakamwa osapatuka.

Anakhala pampando wa pakhondepo. Zinamuwawa kuposa mmene ankaganizira, ndipo sanadzinamize kuti sizikuwawa. Anadikira kuti mwina chisoni chimutuma kwa achimwene ake kukanena kuti wasintha maganizo. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamapazi ake. Chisoni chinalipo, chachikulu, koma sichinamutume kulikonse.