Chitsime cha Kuseri kwa Phiri

Anzake a m'kalasi ankamutchula Labala, chifukwa mzere uliwonse umene wajambula ankaufufuta kawiri katatu mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Anali m'chaka chachiwiri pakoleji, akuphunzira kujambula mapu. Aphunzitsi awo, bambo wamtali wosaseka wamba, ankakonda kunena kuti: "Mukasiya kanthu pamapu, palibe angadziwe. Mukawonjezera bodza, aliyense akhulupirira. Ndiye samalani ndi pensuloyo."

Teremu imeneyo aliyense anapatsidwa dera lake kuti ajambule mapu osonyeza chinthu chimodzi chokha. Wina anagwera masukulu, wina misika. Labala anagwera madzi. Ankayenera kupeza paliponse pamene anthu amatunga, kufunsa mabanja amene amamwa pamenepo, kenako kuika dontho labuluu pamapu, lalikulu pamene patunga ambiri, laling'ono pamene patunga ochepa.

Achimwene ake ndi amene ankakamutula pa njinga yamoto pamapeto a msewu. "Anzako akuphunzira udokotala, iwe kuwerenga ndowa za eni," ankamuseka choncho m'mawa uliwonse.

Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, anatsata kanjira kokhotera kuseri kwa phiri. Kunali zii, ngakhale mbalame osamveka. Atatsika pang'ono anangoona chitsime, amayi asanu ndi awiri ataima pamzere, ndowa zili pansi. Chinamudabwitsa n'chakuti pachitsime sipasowa nkhani ndi chikhakhali, koma apa panalibe wotsegula pakamwa. Chingwe chinkatsika n'kukwera osamveka n'komwe.

"Muli bwanji, amayi?"

Wamkulu pa onsewo anatembenuka. M'tsitsi mwake munali dothi lofiira. "Tilipo, mwanangu. Mwabwera kudzatilemba?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Ofika kuno amadzera zomwezo. Lembani mabanja makumi anayi ndi atatu."

Labala analemba. Anamwazamwaza maso osaona denga ngakhale limodzi, miyala yokhayokha ndi udzu. "Nanga nyumba zanu zili kuti?"

Mayiyo analoza ndi mlomo kumunsi kwa phirilo. "Pansi apo. Mutilembe bwinobwino, musatifufute." Kenako anatunga madzi m'kapu n'kumupatsira. Kukhosi kwa Labala kunali gwa, koma madziwo ankanunkha ngati dothi lofukulidwa kumene.

"Zikomo amayi, ndili nawo m'botolo."

Amayi onse asanu ndi awiri anamuyang'ana nthawi imodzi. Iye anatsanzika n'kubwerera, osacheuka mpaka pamsewu.

Lachisanu anayala mapu ake patebulo lagalasi, lija loyatsa nyale kunsi kuti mizere ioneke bwino. Aphunzitsi anayendetsa chala pa madonthowo, n'kudzaima pa la kuseri kwa phiri.

"Apa palibe mudzi," anatero motsitsa mawu. "Mvula inagwa masiku asanu, phiri linagumuka n'kukwirira nyumba zonse. Papita zaka zoposa makumi atatu. Mukaonenso bwino."

M'mawa mwake Labala anakakamiza achimwene ake kuti atsike njinga apitire limodzi. Njira yonse ankanyogodola kuti sukulu yamuzunguza mutu mlongo wawo. Chitsimecho anachipeza, koma chodzaza miyala mpaka kukamwa, kamtengo katamera pakati. Labala anamva manyazi, nayamba kukayika maso ake omwe. Ndi achimwenewo amene anamukoka malaya.

"Taona pansipa."

Mvula inali isanagwe kwa miyezi inayi, koma dothi la m'mbali mwa chitsime linali chinyontho. Pamatopepo panali zizindikiro zozungulira za matako a ndowa, zitandondozana pamzere. Labala anawerenga: zisanu ndi ziwiri. Mapazi a munthu panalibe.

"Tiye," anatero achimwene. Anakwera njinga n'kubwerera kunyumba.

Lamlungu lonse Labala anakhala ndi mapuwo pamiyendo, labala ali m'manja. Mayi ake anamufunsa kawiri ngati akudwala. Akati afufute, ankaona nkhope ya mayi wa dothi m'tsitsi uja. Akati asiye, ankaopa kulephera mayeso chifukwa cha mudzi umene kulibe. Lolemba anapereka mapuwo dontho lili pomwepo.

Aphunzitsi anadikira kuti ena onse atuluke. Anagwada n'kutsegula dilowa ya pansi penipeni pa kabati ya mapu, natulutsa mapepala atatu ofiirira ndi ukalamba. Onse anali mapu a dera lomwelo, ojambulidwa ndi ophunzira a zaka zosiyanasiyana, ndipo onse anali ndi dontho labuluu kuseri kwa phiri. Pambali pa dontho loyamba panalembedwa 39. Lachiwiri 40. Lachitatu 42.

"Loyambalo ndi langa," anatero aphunzitsi. "Ndinali msinkhu wanuwu. Anakupatsani madzi?"

"Anandipatsa."

"Munamwa?"

"Ayi, aphunzitsi."

Bamboyo anapumira m'mwamba n'kukhala pampando. "Ine ndinapita ndi mnzanga. Iye anamwa. Sanamalize teremu."

Mkwiyo unamukwera Labala. "Ndiye mumatitumirako chiyani, mukudziwa zonsezi?"

"Ndimati mwina wina adzabwera n'kundiuza kuti sanapeze kanthu. Ndikanagona tulo." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndinalakwa, mwanangu. Ndikanakuchenjezani."

Labala anatenga mndandanda wa madera umene unapachikidwa pakhoma, n'kukhwatcha dera limenelo ndi inki yofiira, aphunzitsi akuona. Sanamuletse.

Mayesowo anakhoza, ngakhale mapu ake sanapachikidwe pakhonde pamodzi ndi a anzake. Chaka chotsatira aphunzitsiwo anapuma pa ntchito, ndipo amene analowa m'malo mwawo anagawa madera ena atsopano, a m'tauni okhaokha. Labala anamaliza sukulu n'kuyamba ntchito yojambula mapu a mapaipi a madzi. Nkhaniyi anauzapo mayi ake okha, ndipo iwo anangoti, "Usadzapitekonso," n'kupitiriza kuchapa.