Mashelefu Otsika

Make Mapasa anayang'anizana ndi khoma la chipinda cha mafizo, zala zake zikukwawa pang'onopang'ono kupita m'mwamba. Zitafika pa msinkhu wa chibwano, china chake chinakoka m'khwapa, pafupi ndi chipsera cha pomwe madokotala anachotsa bere. Analuma mlomo n'kutsitsa mkono. Anali atatopa nalo khomali.

Dokotala wa mafizo anayang'ana kamzere ka pensulo ka pakhomapo, kosonyeza pomwe zala zinafika sabata yatha. Zala sizinakafike n'komwe.

"Mayi, tabwerera m'mbuyo. Pamakina owotcha khansa mumagona mkono uli pamwamba pa mutu. Ukakana kukwera, tsiku lanu lisunthidwa, ndipo matendawa sadikira munthu. Kunyumba mumaugwiritsa ntchito?"

Asanayankhe, mwamuna wake anadzuka pabenchi, nkhope ili ngwee.

"Zimenezo musadandaule, adokotala. Sanyamula mkono ngakhale pang'ono. Ndinakonza zonse."

Anakonzadi. Bamboyu anali kalipentala, munthu wa mawu ochepa, ndipo chisoni chake chonse anachithera pa hamala. Mkazi wake potuluka m'chipatala anapeza shelefu ya makapu ili m'chiuno, chingwe choyanikira zovala chili pachifuwa, ngakhale msomali wa thaulo utatsika. Nyumba yonse inali itamugwadira, ndipo iye, poopa ululu, anangothokoza.

Dokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Bambo, phewa likapanda kutambasuka limauma. Mwamuthandiza mpaka mwamumanga."

Anakwera basi kubwerera kwawo. Atafika kunyumba, Make Mapasa anagona chagada, akumva hamala ikulira kukhitchini, misomali ikuzulidwa umodziumodzi. Anamumvera chisoni mwamuna wakeyo, komanso anamukwiyira, osadziwa kuti chachikulu n'chiti.

Atadzuka anapeza shelefu itabwerera m'mabowo ake akale. Anateleka madzi a tiyi, n'kuyang'ana kapu yake ili pamwamba penipeni. Anatsamiritsa zala kukhoma. M'khwapa munayamba kuyaka.

Mwamuna wake anasendera pafupi. "Make Mapasa, kamodzi kokhaka, bwanji ndi..."

"Mukaikhudza kapuyo, mukagona ku shedi ndi matabwa anuwo."

Kalipentala anapinda manja kumbuyo. Zala za mkazi wake zinadutsa pachibwano, zinaima, zinasuntha pang'ono. Madzi anawira mpaka kutsala theka. Misozi inali kutsika m'ndevu za bamboyo, koma manja ake sanachoke kumbuyo.