Ndudu Zolembedwa Nambala

Amuna anga, a Henderson, anagwira ntchito yosunga mafayilo a boma kuno ku Zomba zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mpaka lero sakhulupirira chinthu chopanda nambala. Makapu a m'nyumba mwathu ali ndi nambala kunsi kwake. Mipando ili ndi nambala. Nkhuku zinapulumuka chifukwa zimathamanga.

Chinthu chimodzi chokha chimene sankachiwerenga ndi ndudu. Anayamba kusuta asanandifunsire, ndipo ine ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Maofesi ambiri atasamukira ku Lilongwe, iwo n'kupuma pantchito, fodya uja anasanduka ntchito yawo yatsopano, yopanda Loweruka, yopanda tchuthi.

Kenako phazi lakumanzere linayamba kuzizira. Kuchoka kunyumba kwathu ku Chinamwali kukafika pamsewu waukulu ankaima katatu, ati akuona nyengo. Zala ziwiri zitayamba kuda, ndinawakokera kwa adokotala a Medson, amene ali ndi kachipatala kawo pafupi ndi msika. Ndi dokotala wa banja lathu ameneyu. Malungo a mwana wathu Phoebe, BP yanga, zonse zinkathera kwa iwo.

Anagwira phazi lija nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Bambo, fodya wakupanikizani mitsempha. Magazi sakufika kuno. Mukapitiriza kusuta, phazi ili adzalidula."

"Liti?" anafunsa a Henderson, ngati akufunsa tsiku la msonkhano.

Kenako anatulutsa kope ndi bolopeni.

Adokotala anayala malangizo awo. Sankhani tsiku losiya, muuze onse a m'nyumba. Machesi achoke m'thumba. Chilakolako chikabwera, imwani madzi, tafunani nzimbe, dikirani pang'ono, chimadutsa chokha. Ku bawo, kumene anzanu amasuta, muyambe mwakuiwala. Muziyenda tsiku lililonse, ngakhale mwendo upweteke. Pomaliza analoza katoni yomwe inali pansi pa tebulo.

"Tsiku losiyalo, ndudu zonse zotsala mubwere nazo, muponye umu ndi dzanja lanu. Odwala anga onse amatero. Inenso ndinkasuta, bambo. Ndinasiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Chikandigwira, ndinkakwera kanjira kotsata mtsinje wa Mulunguzi mpaka pamwala wina wathyathyathya, pamwamba pa kamlatho ka matabwa. Ndinkakhala pamenepo mpaka chidutse."

"Kamlatho ka matabwa," anabwereza a Henderson, akulemba.

Mawu akuti "inenso ndinasiya" ndi amene anawalowa. Njira yonse yobwerera ankangoti, "Mwamva, mayi a Phoebe? Munthu wa sukulu ngati uja, nayenso anavutika, koma anasiya." Zaka zonse zimene ine ndinalankhula sizinalowe m'kope. Dokotala walankhula mphindi khumi, masamba atatu adzaza. Chabwino, bola phazi.

Anasankha Lolemba. M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde atayala ndudu patebulo, makumi awiri ndi zitatu, zina zochokera m'jekete ya kutchalitchi. Iliyonse ankailemba pa kathonje kakukamwa kaja: H/1, H/2, mpaka H/23.

"Nanga zimenezo n'zachiyaninso?"

"Katundu saperekedwa wopanda nambala."

Kuchipatala anaponya mpukutu wawo m'katoni, n'kupereka pepala kuti adokotala asayine kuti alandira. Adokotala anaseka, anasayina osawerenga.

Masabata awiri oyamba ndinakhala ndi chilombo m'nyumba. Tiyi watentha, tiyi wazizira, wailesi ikulankhula kwambiri, ine ndikupuma mokweza. Nzimbe anatafuna moti wogulitsa anayamba kutipatsa moni wa pachibale. Koma sanasute. Tinkayenda m'mawa uliwonse, poyamba mpaka pamsewu, kenako mpaka m'tauni. Loweruka lachisanu anati, "Lero tikafike pamwala wa adokotala. Zili m'malangizo."

Tinakwera. Iwo pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, ine patsogolo ndi botolo la madzi. Azimayi a nkhuni ankatidutsa akutsika, mitolo pamutu, n'kumatiyang'ana ngati anthu osowa chochita. Kamlatho tinakapeza, mwala tinaupeza, wathyathyathya ndithu monga ananenera. Ine ndinafika poyamba. Ndikuti ndikhale, ndinaona kachidutswa ka ndudu m'ming'alu ya mwalawo. Ndinakatola kuti amuna anga kasawakumbutse zakale. Pa kathonje panali polembedwa H/7.

Malembedwe amenewo ndimawadziwa kuposa nkhope yanga. Seveni wa a Henderson amakhala ndi kamzere pakati.

Ukali unandikwera. Ndiye kuti katoni ija si dzala, ndi golosale ya adokotala. Odwala akusiya, iwo akukolola. Ndinafuna kukuwa kuti phiri lonse limve. Koma nditacheuka ndinaona amuna anga akubwera, thukuta kamukamu, akukoka phazi lija, nkhope ili ngwee ngati munthu wofika ku Yerusalemu. Ndinadziwa kuti akangoona kachidutswaka, madzulo ake akagula ndudu, ndipo phazi lipita. Ndinakamanga pamfundo ya chitenje.

"Apa ndiye pamene munthu uja anagonjetsera," anatero atakhala pansi, akusisita mwalawo.

"Eya, pomwepa," ndinayankha.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali yothamangira kutsogolo Loweruka lililonse, kukasesa umboni. H/12. H/3. H/19 ndi H/20 tsiku limodzi, kaya adokotala anali ndi maganizo otani sabata imeneyo. Mayi wa Mvano ine, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, kumakwawa pamwala kutola zotsala za fodya. Ndipo sindinkazitaya. Ndinkazisunga m'kachitini ka mafuta odzola, pansi pa zitenje. Mukakhala zaka makumi atatu ndi munthu ngati uyu, dzanja limakana lokha kutaya chinthu cha nambala.

Tsiku langa loyezetsa BP litafika, ndinapita ndekha. Adokotala asanandimange chopimira chija, ndinaika H/7 patebulo.

Anakayang'ana. Anayang'ana katoni. Anavula magalasi, koma ulendo uno panalibe phazi loti agwire.

"Mayi, zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikutchula mwala umenewo. Palibe wodwala ndi mmodzi yemwe anakwerapo. Anthu amangoti inde adokotala, n'kupita kwawo."

"Mwakumana ndi wa m'boma. Mukamuuza kamlatho ka matabwa, amakafuna kamlatho ka matabwa."

"Malangizowo ndi oona, mayi. Onse ndi oona. Ine ndi amene ndalephera. Ndayesa kasanu."

Ndinabwera ndi mawu okwana mtanga, koma munthuyo anaoneka wochepa pampando wake moti ndinamva chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso.

"Zoyesa zanu n'zanu," ndinatero. "Koma amuna anga akadulidwa phazi chifukwa cha bodza lanu, mudzandidziwa. Kasutireni kwina."

H/7 ndinakatola n'kukamanganso pachitenje. BP tsiku limenelo inakwera, ndipo adokotala sanafunse chifukwa.

Inatha miyezi inayi. Phazi linayamba kufunda, zala zija zinabwerera mtundu wake pang'onopang'ono. M'mawa wa tsiku lokaonedwanso, ndinapeza a Henderson pakhonde, fayilo patebulo, pachikuto atalemba KUSIYA FODYA. Pambali pake panali envelopu.

"Mayi a Phoebe, tabweretsani zanu zija. Ine ndili nazo zisanu ndi zinayi. Zikuperewera khumi ndi zinayi."



"Zanga ziti?"

"Za m'kachitini. Inu mumasesa pamwamba pa mwala. Ine ndimatola kuseri, mukatsikira kumtsinje kukatunga madzi. H/1 ndinaipeza tsiku loyamba lomwe lija."

"Ndiye munangokhala chete miyezi yonseyi?"

"Ndinkaopa kuti mukhumudwa. Mumawakhulupirira kwambiri adokotala aja."

Ine! Ndinafuna kuwaponyera kapu nambala folo, yomwe inali m'manja mwanga. M'malo mwake ndinakatenga kachitini. Anayala tizidutswa tonse patebulo motsatana, kuyambira H/1 mpaka H/23, osasowa ndi kamodzi komwe. Anapumira m'mwamba mokhutira, ngati mmene ankachitira fayilo yosowa ikapezeka.

"Nanga mutadziwa kuti munthuyo ndi wabodza," ndinafunsa, "bwanji simunabwerere ku fodya wanu?"

Sanandiyang'ane. Ankawongola tizidutswa tija ndi chala.

"Adokotala anandipatsa njira, ndipo njirayo ndi yabwino. Koma sindinasiyire iwo. M'mawa mwake titachoka kuchipatala tsiku loyamba lija, munkapolisha nsapato zanga kuseri kwa nyumba. Ine ndinali pawindo. Munapolisha yakumanja. Yakumanzere munangoigwira pachifuwa, mukulira. Zimenezo sindinazilembe m'kope, koma ndi zimene ndimaona chilakolako chikabwera."

Ine ndinkayesa kuti tsiku limenelo ndinali ndekha. Ndinalira pomwepo pakhonde, anthu akudutsa, ndipo sindinachite manyazi. Iwo anandipatsa mpango wawo, wa nambala thuu pakona.

Kuchipatala adokotala anagwira phazi, n'kunena kuti magazi akuyenda, zodula zija tiiwale malinga asayambirenso. A Henderson anathokoza mwaulemu. Kenako anatulutsa envelopu ndi pepala lija.

"Adokotala, munasayinira katundu makumi awiri ndi zitatu. Ndamupeza yense kuphiri, ali wogwiritsidwa ntchito. Musayine apa kuti wabwezedwa."

Adokotala anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kalendala. Ulendo uno anawerenga pepala lonse asanasayine.

"Tsopano," anatero a Henderson, akutsegula kope lawo patsamba loyamba, "sankhani tsiku. Muuze onse a m'nyumba. Machesi achoke m'thumba. Katoni iyi ndikuitenga ine, ikaotchedwe mayi a Phoebe akuona. Loweruka sikisi koloko tikakupezeni pamsewu. Mwala mukuudziwa."

Loweruka anabweradi, atavala nsapato zothamangira zatsopano, nzimbe ili m'manja. Zinapezeka kuti zaka zonsezi ankapita ndi galimoto, n'kuisiya pamsewu wa kumtunda, n'kutsika masitepe ochepa kufika pamwalapo. Kanjira kamene ankatumako odwala anali asanakakwerepo chibadwire. Anaima kasanu ndi kawiri akutsokomola, ati akuona nyengo, ndipo a Henderson analemba maulendo onse asanu ndi awiri.

Titabwerera kunyumba ndinatenga nsapato za amuna anga, zili matope okhaokha. Ndinakhala nazo pakhonde, osati kuseri, n'kupolisha zonse ziwiri.