Khoma la Alamu

Lole ija inandipeza ndikusoka mpendero wa siketi ya mwana wasukulu. Sindinaione n'komwe. Ndinangomva chiphokoso, kenako khoma lakutsogolo kwa shopu yanga linali pamwendo panga, makina osokera atagona chammbali ngati mbuzi yomangidwa. Akuti mabuleki anakana potsetsereka, ndipo mwa nyumba zonse za mumsewu wathu loleyo inasankha yanga.

Kuchipatala anandiika chikhakha. Mwini nyumba anabwera kudzandizonda atanyamula malalanje, koma asanakhale pansi anali atanena kale chimene anadzera. Iye analibe ndalama yomangira khoma, ndipo panali wogulitsa mafoni amene anavomera kumanga yekha kenako n'kulowamo. Ine chipinda chimenecho ndiye munda wanga. Ana anga awiri amadya momwemo.

Chiyembekezo chinali kwa a inshuwalansi ya loleyo. Mayi amene ndinalankhula naye pafoni anati chipukuta misozi chilipo, cha mwendo, cha makina ndi cha khoma, bola tisakhudze kalikonse mpaka munthu wawo atabwera kudzaona mmene zinthu zawonongekera. Ndinawauza akulu anga, iwo anawauza amuna awo, ndipo alamu anga anamva zimene anafuna kumva.

Alamu ntchito yawo ndi yokonza mawailesi, koma pakamwa palibe ntchito imene inawagonjetsa. Tsiku limene ndinatuluka m'chipatala ndinapita kushopu ndikudumphira ndodo, ndipo ndinapeza khoma litaima, chitseko chili m'malo mwake, alamu ali pakhomo akumwetulira, simenti mpaka m'nsidze. Anati sakanalola kuti mvula ndi akuba aziseweretsa nsalu za makasitomala anga iwo ali moyo. Njerwa anatola zomwe zinagwa zija. Makina nawonso anali atawawongola ndi nyundo.

Mutu unaima. Munthu amene wasenza njerwa chifukwa cha iwe umamukalipira bwanji? Ndinathokoza, mano ali gwa, mumtima ndikuti zoonadi chifundo chinapha nkhwali. Tsopano a inshuwalansi adzaona chiyani? Ndinali ndi mantha enieni.

Woyendera wawo anafika m'mawa mwake, akulu anga ndi alamu ali pomwepo, ndipo anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula. Anayamba ndi ine. Anaona kalata ya dokotala ndi chikhakha, nati za mwendo palibe chokambirana. Kenako anatuluka panja n'kuyang'ana khoma lija nthawi yaitali, mutu atapendeketsa. Anakankha chitseko, chinakana kutseka. Anachikoka, chinakana kutsegula. Anapalasa makina, singano inagwa pambali pa bowo lake n'kuthyoka.

"Loleyi inagunda zolimba," anatero. "Onani khoma lapindika, mimba kutulukira kumsewu. Felemu yakhota. Apa munthu sangakhalemo."

Akulu anga anawatsina amuna awo pamkono. Ine ndinayang'ana pansi. Alamu anameza malovu, anapukuta thukuta, anayang'ana kumwamba, koma munthu amene akunyozeredwa mwana wake pamaso pake sangapirire mpaka kalekale.

"Pepani bwana," anatero. "Khomali silinapindike ayi. Ndamanga ndine, ndi manja angawa."

Ndinaona shopu yanga ikupita, mafoni atayalidwa pamalo pa makina anga. Poti madzi anali atatayika kale, ndinafotokoza zonse: kuti anatiuza tisakhudze, kuti ine ndinali m'chipatala, kuti alamu anachita izi pondimvera chisoni. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera, bamboyo akungogwedeza mutu.

Ndiye anatulutsa foni yake n'kutionetsa zithunzi zimene apolisi anajambula tsiku la ngozi, lole mphuno ili m'kati mwa shopu, nsapato yanga ili pamsewu. Anati anadziwa akungotsika galimoto kuti pali amene wagwirapo, chifukwa lole siisiya simenti yaiwisi. Anati anthu ambiri amavutikadi akakonza zinthu woyendera asanabwere, chifukwa ofesi imafunsa kuti chowonongeka chili kuti.

"Koma inu mayi musade nkhawa," anatero akubweza foni m'thumba. "Ndayang'ana bwinobwino. Apa palibe chimene chakonzedwa."

Anati khomalo ligwetsedwa, abweretsa mmisiri wawo adzamange latsopano, makina agula ena, ndipo mwini nyumba amuimbira yekha tsiku lomwelo kuti asapereke chipindacho kwa wina.

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala n'kuyamba kulira, kulira kwa munthu amene watula mtolo umene wausenza mpaka khosi kuuma. Akulu anga anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, ndipo ndikudziwa kuti sikunali kulira.

Alamu anabwera n'kunjuta pafupi nane, nkhope ili yachisoni. Iwo ankaganiza kuti ndikulirira khoma lawo.

"Musalire, alamu," anatero. "Anthu a m'maofesi sadziwa ntchito ya manja. Mmisiri wawoyo akadzabwera, ine ndidzakhala pomwepo kumuwongolera."

Madzulo ake akulu anga anatenga nyundo ndi fosholo n'kukazisungitsa kwa aneba.